Khomo la Lufeyo

Ndakuonani mukukodolana pamene ndimadzuka pamphasa paja n'kuitana mwana amene ali kale m'manja mwanga. Sekani, palibe mlandu. Inenso ndinkawaseka mayi anga akamatero. Mwana ali kumsana, iwo n'kucheukira pamene anakhala, amvekere, “Tiye, tizipita,” ngati pansipo patsala munthu. Ankati kamwana sikadziwa kutsatira thupi lake. Ukangokanyamula osakaitana, mzimu wake umatsala pomwepo ukusewera. Ine ndinkati zimenezo n'za kumudzi. Sonkhezani motowo, ndikhalenso pang'ono, ndikuuzeni chimene chinandisiyitsa kuseka.

Nthawi imeneyo ndinkayang'anira nyumba za lendi za bambo Chimbalanga ku Chilobwe, mdadada umodzi wautali m'mphepete mwa msewu wafumbi. Ntchito yanga inali kusesa ngalande, kukonza mpope ukamadontha ndi kusintha loko munthu akasamuka. Madzulo ndinkanyamula makope kupita kusukulu ya usiku, chifukwa mtima wanga unali pa mayeso a folomu 4. Ine, mkazi wanga Esinala ndi mwana wathu Sungeni tinkagona m'kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi bafa, kamene mvula ikagwa tinkasuntha mphasa kufunafuna pouma. Sungeni anali atangoyamba kukwawa. Chimene ankachikonda kuposa bere chinali mpukutu wa makiyi umene ndinkamangirira palamba. Ndikangowagwedeza pakhomo, ankabwera chokwawa, dovu lili chuchuchu, akuseka ndi timano take tiwiri.

M'nyumba ya kumapeto kwa mdadadawo munkakhala a Nasibeko, mayi wachikulire wa ku Ntcheu. Analowamo kalekale, bambo awo a Chimbalanga akadali moyo, ndipo anthu ena onse anabwera n'kusamuka iwo ali momwemo. Ankakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa kumsika. Ankakhala okha, koma anali ndi kachizolowezi kena. Akamatuluka ankasuzumira m'nyumba n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ndapita kumsika, usatuluke.” Pobwera, asanatule n'komwe dengu, amvekere, “Ndabwera.” Ndinkaganiza kuti akuweta mphaka. Mphakayo sindinamuonepo.

Mvula itasiya chaka chimenecho, a Chimbalanga anaganiza zoikonza nyumbayo. Malata anali atachita dzimbiri, pansi panali posweka, ndipo khomo lake linkayang'ana kuseri, kungalande. Iwo ankafuna matailosi, siling'i ndi khomo loyang'ana kumsewu, kuti mudzalowe munthu wa ntchito ya mu ofesi. Ananditenga pokawauza mayiwo. Analankhula mwaulemu ndithu: anati nyumbayi yakalamba kuposa ife tonse, tsiku lina idzakugwerani, pezani kwina, ndikupatsani nthawi yokwanira. A Nasibeko anamvetsera atagwira tsaya. Sanakane, sanadandaule. Anangopempha chinthu chimodzi.

“Tsiku losamukalo, ndidzakhale ine womaliza kutuluka pakhomo ili. Katundu atsogole, anthu atsogole, ine pambuyo.”

A Chimbalanga anaseka n'kunena kuti ngati ndi zokhazo, atha kudzatulukanso kawiri ngati akufuna. Mayiwo sanaseke.

Koma sizinayende choncho. Tsiku lina akuchokera kumsika anaterereka pamlatho wa matabwa n'kuthyoka mwendo, ndipo anawagoneka m'chipatala. Mwana wa mchemwali wawo anabwera ndi lole kuchokera ku Ntcheu, analongedza katundu yense, n'kukawatenga kuchipatala komweko ulendo wa kumudzi. Pakhomopo sanadutsenso. Womaliza kutuluka anali mnyamata wa lole, atasenza mbaula.

Mmisiri amene anapatsidwa ntchito anali a Matiki, bambo wanthabwala amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi akuponda matope. Choyamba anagumula khoma la kumsewu n'kuikapo chitseko chatsopano. Kenaka anazula felemu ya khomo lakale n'kutsekapo ndi njerwa, mzere pamwamba pa mzere, mpaka pamene panali khomo panasanduka khoma.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, moti tinkaziseka. M'mawa uliwonse a Matiki ankapeza kanthu kasowa: pensulo yawo ya kukhutu, chingwe choyezera, misomali ingapo. Akafufuza ankazipeza zitaunjikidwa pansi, patsinde pa khoma latsopanolo. Anati muno muli khoswe amene akufuna kuphunzira zomangamanga, ndipo akamugwira amulemba ntchito. Kenaka pulasitala wa pamalo amenewo anakana kuuma. Makoma ena onse anayera ndi dzuwa la mwezi wa Ogasiti, koma pakhomo lakalelo panatsala chinyontho kuyambira pansi kulekeza m'bondo. Anapala n'kumatanso. M'mawa mwake chinyontho chinali pomwepo. Tsiku lomaliza ndinawapeza ataima, akuyang'ana khomalo, osaimba. Ndinawafunsa ngati pansi pakudutsa paipi. Anapukusa mutu.

“Simenti ndimaidziwa ngati mkazi wanga, Yotamu. Ikakwiya ndimadziwa chimene ndalakwa. Apa sindinalakwe.”

Anapaka penti pamwamba pa chinyonthocho, n'kulongedza zida zawo dzuwa likadali pamutu.

Nyumba yatsopano yopanda munthu ku Chilobwe sichedwa kuzulidwa mipope ndi mawaya. Choncho a Chimbalanga anati ine ndi banja langa tilowemo mpaka wobwereka atapezeka, ndipo ndikadzakhoza mayeso n'kupeza ntchito yabwino, mwina wobwerekayo ndidzakhala ine ndemwe. Tsiku lolowa Esinala anavula nsapato pakhomo n'kumayenda pamatailosi ngati akuponda mazira. Tinamukhazika Sungeni pansi. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakwawa molunjika ngati waitanidwa, mpaka patsinde pa khoma lija. Anakhala pomwepo n'kuyamba kuseka.

Tinasekanso ife. Tinati mwana wakonda pozizira.

Masiku otsatira supuni yake inayamba kusowa. Kenaka sokosi imodzi, kenaka chitsekero cha botolo la mafuta odzola. Zonse tinkazipeza pamalo amodzimodziwo. Esinala ankati ndi Sungeni amene akuzikokera kumeneko, mpaka tsiku limene anapezapo chipeso chimene anachisiya pamwamba pa kabati, pamene ngakhale iye amafikapo chonyanyamphira. Anandionetsa. Ine ndinati mwina chinagwa. Anandifunsa ngati chipeso chimagwa n'kuyenda chipinda chonse. Ndinatsegula buku langa la sayansi n'kukhala ngati ndikuwerenga.

Ndiye kunali kaphokoso. Kankamveka dzuwa likamalowa, nthawi imene a Nasibeko ankabwera kuchokera kumsika. Sikanali kugogoda kwa munthu wamkulu. Kanali ngati kachikhatho kofewa kakumenya khoma, pha, pha, pha, m'munsi, kenaka zii. Tsiku loyamba ndinathamangira kuseri kuti ndigwire ana a aneba. Kunalibe munthu, ngalande yokha ikuyenda. Nditabwerera m'nyumba ndinazindikira chimene miyendo yanga inali itadziwa kale: phokosolo silinkachokera kunja.

Sungeni anasintha. Ukamupatsa kachidutswa ka mbatata, ankakwawa nako kukafika pakhoma paja n'kutambasula dzanja, kupatsa munthu amene ife sitinkamuona. Ankadikira, kenaka n'kukasiya pansi osadya. Phala anayamba kulikana. Bere ankangoligwira n'kulisiya. Chimene chinatiopsa kwambiri n'chakuti analeka kulira. Mwana amene ankadzutsa mdadada wonse ndi kulira tsopano ankangokhala phee, maso ali pakhoma. Kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, anamuunika m'kamwa, sanapeze kanthu. Anatipatsa mankhwala oonjezera chilakolako cha chakudya. Ankawameza ngati madzi, thupi n'kumapitabe. Kamkanda ka m'chiuno mwake kanayamba kutsetsereka kokha.

Madzulo ena ndikupita kusukulu, kunja kuli chisisira, ndinadzera njira ya kuseri. Patsidya pa ngalande ndinaona mayi ataima pafupi ndi khoma lathu, nsana uli kwa ine, akupapasa njerwa ndi manja onse awiri ngati wakhungu wofuna chitseko. Mpango wake ndinaudziwa: unali wa a Nasibeko. Ndinati, “Mwaswera bwanji, mayi? Mwendo uja wapola?” Sanacheuke. Njinga ya kabaza inadutsa pakati pathu, ndipo fumbi litatsika panalibe munthu. M'kalasi tsiku limenelo sindinamve kalikonse. Aphunzitsi anandifunsa funso, ine n'kungoimirira, anzanga n'kumaseka.

Nditafika kunyumba ndinagwedeza makiyi pakhomo monga mwa masiku onse. Sungeni anali pansi, pamalo ake aja. Sanatembenuke. Ndinagwada n'kuwagwedezera pafupi ndi khutu lake. Anandiyang'ana ngati mmene mwana amayang'anira mlendo pabasi, n'kubwezanso maso kukhoma.

Esinala anali atakhala pakona, mawondo ali pachifuwa. Anati, “Bambo a Sungeni, mabuku anuwo mwawafunsa mokwanira. Pitani mukawafunse a Nasibeko kuti anasiya chiyani m'nyumba muno.”

Kutacha ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu. Mudzi wawo ndinaupeza pofunsira mwana wa mchemwali wawo uja, amene ankadziwika ndi lole yake. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atautambasula, ataonda ngati adwala chaka chathunthu. Ndisanapereke n'komwe moni, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwatseka khomo.”

Ndinakhala pansi pakhondepo. Anati chichokereni, akangotseka maso madzulo amapezeka ali ku Chilobwe kuseri kwa nyumba ija, akufufuza polowera, osapapeza, mwana akuwamva ali mkati. Ndinafunsa kuti mwana wake uti. Apo anandiuza zonse.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Lufeyo. Chikuku chinamutenga atangoyamba kuyenda chogwira makoma, m'nyumba yomweyo. Maliro ananyamulidwa mwaphuma kuthawa mvula, iwo anakwezedwa m'galimoto atakomoka, ndipo panalibe amene anakumbuka kuima pakhomo n'kumuitana mwanayo kuti atsatire thupi lake. Atabwerako kumaliro anamupeza. Sanamuone ndi maso ayi, koma supuni zinkasuntha, ndipo usiku chinachake chinkafunda kumsana kwawo. Akuluakulu anawauza kuti amuitane, apite naye kumanda. Iwo anazengereza, chaka chinatha, china chinatha, mwamuna wawo anatopa n'kuchoka.

“Kumanda kunali thupi, m'nyumba munali mwana,” anatero. “Inu mukanasankha kuti?”

Ndinawauza za Sungeni, za phala, za makiyi. Anatseka maso.

“Sakufuna kumupweteka. Wangopeza mnzake. Koma wanga uja sadya, sagona, salira, ndiye wanuyo akuphunzira kwa iye.”

Anapempha ndodo yawo. Achibale anayesa kuwaletsa chifukwa cha mwendo, koma anawauza kuti amene akufuna kuwagwira ayambe wabereka. M'minibasi anandilangiza. Lufeyo sadziwa khomo lina koma lakale lija, ndipo moyo wake wonse anauzidwa kuti asatuluke. Latsopanolo sangalidutse ngakhale atamuitana mpaka mawa. Khoma liyenera kugumulidwa. Ndipo akadzamuitana, sadzafuna kusiya mnzake. Ife tidzagwire wathu n'kumamuitana osaleka mpaka alire. Tisadzayang'ane pakhomo, ndiponso tisadzalire, chifukwa mwana sabwerera kumene kukumveka maliro.

Tinafika dzuwa litapendeka. Ndinathamangira kwa a Matiki kukabwereka hamala yaikulu. Sanandifunse kuti ndi yachiyani. Anangoti ndiyambire m'munsi, njerwa za pamenepo sizinagwirane.

Nditamenya kachiwiri, a Chimbalanga anatulukira, wina atawaimbira foni. Anafunsa ngati ndapenga, ngati sukulu ya usiku imaphunzitsa kugumula nyumba za eni. Anati ndikamenyanso kamodzi, ntchito yatha, nyumba yatha, ndipo tikakumana kupolisi. Ndinaganiza za mayeso, za kachipinda kodontha kaja, za kumudzi kumene ndinachoka ndikulonjeza kuti sindidzabwerako chimanjamanja. Kenaka ndinasuzumira pawindo. Esinala anali atamunyamula Sungeni, mutu wa mwanayo uli lende ngati wa nkhuku yodwala. Ndinamenya.

Njerwa zinagwa mosavuta ngati zinkangodikira. Pabowopo panatuluka mphepo yozizira, ya fungo la mafuta okazingira zitumbuwa, m'nyumba imene inali itapakidwa penti paliponse. A Chimbalanga anatola chibenthu cha pulasitala kuti andionetse chimene ndawononga. Anachiyang'ana, n'kuchiyang'ananso. Pansi pa penti panali timaenje tating'ono, tinayi pamodzi, tinayi pamodzi, ngati pamene tizala tadinda pa phala lozizira. Anachiika pansi mosamala n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukatsamira mpanda.

Bowo litakula kufika pa msinkhu wa munthu, a Nasibeko analowa chotsimphina. Anaima pakati pa chipinda chimene sanachizindikire, matailosi akuwala, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse aja, “Ndabwera.”

Supuni imene inali patsinde pa khoma inalira pa tailosi, ngati yapondedwa.

Ife tinakhala pansi, nsana tapereka kukhomo. Kumbuyo kwathu ndinamva mayiwo akupuma mozama.

“Lufeyo. Lufeyo, mwanawe. Lero tituluka. Tiye, tizipita kwathu.”

Ndodo yawo inagogoda pansi kamodzi, kenaka kachiwiri, kulowera kukhomo. Pomwepo Sungeni anadzuka m'manja mwa mayi ake ndi mphamvu imene analibe kwa masiku ambiri. Anapotoloza khosi, manja onse awiri atatambasulira kumbuyo kwathu. Kenaka thupi lonse linalefuka. Maso anatsala otsegula, koma munalibe munthu.

Esinala anayamba bwino, “Sungeni, Sungeni,” koma kachitatu mawu anasweka, ndipo ndinamva kulira kwa maliro kukukwera pakhosi pake. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja limodzi, linalo n'kulanda mwana. Anali wopepuka ngati mtolo wa zovala, ndi wozizira. Kunja ndodo inkapitabe, go, go, ikutalikira, ndipo pambali pake pankamveka kena kofewa, kosayenda bwino, kamene sindikufuna kukafotokoza. Khosi langa linkafuna kutembenuka lokha. Ndinaliumitsa.

Ndinaitana dzina lake, koma mawu anga anali a munthu wamantha, ndipo ndi mwana uti angabwerere kwa bambo amene akunjenjemera? Ndiye ndinamasula makiyi palamba. Ndinadzikakamiza kumwetulira, misozi ndikuimeza, n'kuitana mmene ndinkaitanira pochokera kusukulu, ngati palibe chimene chachitika padziko.

“Sungeni wa adadi! Ndani wabwera? Bwera kuno, mayi wanga. Bwera udzatenge.”

Ndinagwedeza makiyi. Palibe. Ndinagwedezanso, ndikuitana, ndikuseka chiseko chimene mpaka lero ndikachikumbuka tsitsi limandiimirira. Ndodo inali itasiya kumveka. M'chipindamo munali zii, moti ndinkamva madzi a m'ngalande. Sindikudziwa kuti ndinaitana kangati. Kenaka kachala kamodzi kanagwedezeka. Kadzanja kanakwera pang'onopang'ono n'kugwira kiyi wa geti, n'kumukoka. Anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, nkhope inakwinyika, ndipo analira. Analira mokwiya, mokweza, mpaka aneba anatuluka m'nyumba zawo. Esinala anamulanda n'kumuika kubere, ndipo anayamwa ngati akulimbana ndi munthu.

Ndinatola kachikwama kamene a Nasibeko anakasiya m'nyumba n'kuwathamangira. Ndinawapeza akuyandikira siteji, koma sindinawapitirire. Ndinkayenda kumbuyo, patali pang'ono. Ankayenda pang'onopang'ono kuposa mmene mwendo wawo unkafunira. Dzanja lamanja linali pandodo. Lamanzere linali lende m'munsi, zala zitapindika, ndipo pofika pa mwala kapena pa dzenje ankalikweza pang'ono.

Minibasi inaima. Anakwera, n'kukhala pafupi ndi windo, n'kusiya kampata pambali pawo. Ndinawapatsira chikwama pawindo. Kondakitala, mnyamata wa chipewa chotembenuza, ankalowetsa anthu akuwerenga mipando. Atafika pa mzere wawo anamenya denga la galimoto.

“Amayi, mwanayo mumuike pamwendo, mpandowo ndi wa munthu wamkulu.”

Atatero anayang'ananso pampandopo. Dzanja lake linatsala m'mwamba. A Nasibeko anangosisita chitenje pamwendo pawo kuti pasalale, n'kukumbatira ndi manja onse awiri. Galimoto inanyamuka mpandowo uli wopanda munthu, ndipo kondakitalayo anapita ataimirira pakhomo, osaitanira.

M'mawa mwake a Matiki anabwera atasenza felemu yakale ija. Anati awatuma a Chimbalanga kuti aibwezeretse pamalo pake. Za polisi sizinatchulidwenso, za ntchito yanganso ayi. Pulasitala wa m'mbali mwa felemuyo anauma tsiku lomwelo. Nyumba ya kumapeto ija ili ndi makomo awiri mpaka lero, ndipo amene amabwera kudzaiona amati mmisiri wake anali wanzeru, mphepo imadutsa bwino.

Moto watha, ndipo uyu mawa ali ndi sukulu ya mkaka. Inu amene mwabwera ndi ana, musangowanyamula. Sungeni, mayi wanga, tacheza mokwanira. Tiye, tizipita.